Amene Ankakanda Khoma la Tchalitchi

A Greenwell Kamtedza sankakhulupirira munthu, ndipo sankachita nazo manyazi. Ukawapatsa moni pa siteji ya basi ku Romford, m'mphepete mwa London, ankayankha bwinobwino, koma maso ali pa manja ako. Ukawafunsa kuti kunyumba kuli bwanji, ankayamba aganiza kaye kuti wakutuma ndani. Akazi awo, Mayi Joyce, ankati ngakhale tiyi wa m'nyumba mwawo momwe bamboyo ankayamba amununkhiza asanamwe, ngati kuti zaka zonse za ukwati mayiyo ankangodikira tsiku labwino loti awathirire tameki.

Tisawaseke kwambiri. Khalidwe limeneli anachoka nalo kwawo ku Ntchisi m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene ukalankhula mawu olakwika pa mowa, m'mawa galimoto inkakupeza usanasukusule. Iwo anali mphunzitsi wa pulayimale. Mkulu wawo anatengedwa, ndipo amene anakamunenera anali munthu wodya naye mbale imodzi. A Greenwell anadutsa malire a Zambia wapansi, akazi awo n'kuwatsatira pambuyo, ndipo atavutika ku Lusaka kwa kanthawi, mpingo wa Angilikani unawathandiza kufika ku London. Anagwira ntchito yokankha odwala pa chipatala mpaka tsitsi linayera, mwana wawo mmodzi yekhayo, Adrian, n'kukula akumva Chichewa koma akuyankha m'Chingerezi. Zinthu zitasintha kumudzi anzawo ambiri anabwerera. Iwo anati ayambe aona kaye, ndipo pofika 2006 anali akuonabe.

Chimene chinawagwira mtima atapuma pa ntchito chinali kiyi. Tchalitchi chimene ankapempherako chili kumapeto kwa tauni, kumene nyumba zimathera n'kuyamba madambo odyetsera mahatchi, ndipo n'chakale kwambiri moti amene anachimanga sankadziwa n'komwe kuti kuli dziko lotchedwa Amereka. Pakati pa sabata chinkakhala chokhoma chifukwa cha akuba. Makiyi anali atatu. Wina anali wa wansembe, wina wa Mayi Marjorie, mzungu wopuma pa uphunzitsi amene ankayang'anira katundu wa mpingo, ndipo wachitatu anapatsa a Greenwell. Sanali kiyi wa masewera. Chinali chitsulo chotalika ngati chikhatho, cholemera moti chinaboola matumba a majekete awiri. A Greenwell ankati m'dziko lino anawapatsa ntchito, anawapatsa nyumba ya khonsolo, anawapatsa ndi pasipoti yomwe, koma zimenezo amapatsa aliyense. Kiyi yekha ndi amene anawapatsa atawayang'ana kumaso.

Nyumbayo ankaikonda chifukwa ankaona kuti anaimanga anthu a mtima ngati wawo. Pachipata pali kadenga ka matabwa pamene kale ankatula maliro podikira wansembe. Ukadutsa pakati pa manda umafika pa khonde la miyala lokhala ndi mabenchi awiri ozizira, kenako chitseko chakuda chokhomedwa misomali ikuluikulu ngati cha ndende. Makoma ake ndi okhuthala moti munthu akhoza kugona pawindo, ndipo timawindo ta pa nsanja ya mabelu n'toti mkono wokha ndi umene ungatuluke. Ukangolowa, kumanzere kuli beseni la mwala lobatiziramo ana, looneka ngati mtondo waukulu, ndipo m'mphepete mwake muli zipsera za zitsulo. Mayi Marjorie anawauza kuti kale ankalivundikira n'kukhoma ndi loko, kuopa anthu oba madzi odalitsidwa kukachitira zamatsenga. A Greenwell atamva zimenezi anaseka mpaka kukhosomola. Azungu omwewa ndi amene ankawafunsa ku chipatala kuja ngati ku Afirika anthu amakhulupiriradi za ufiti.

M'chipinda chovalira wansembe munali bokosi losemedwa ku chipika chimodzi, la maloko atatu, loti munthu mmodzi sangatsegule popanda anzake awiri. Pa chipilala cha kutsogolo panali kabowo kopendekera koti munthu ali kumbali azisuzumira zochitika ku guwa. Koma chimene ankachikonda koposa chinali masitepe obisika m'kati mwa khoma, opapatiza, okwera mozungulira n'kukathera pa kakhomo ka m'mwamba kotulukira pa mpweya, poti khonde limene linali pamenepo anagwetsa kalekale. Alendo ankati ndi masitepe osapita kulikonse. A Greenwell ankati ndi malo abwino oonera amene walowa.

Moyang'anizana ndi chitseko, pa khoma la kumpoto, pali chithunzi chosuluka cha Khristofa woyera, chimunthu chachitali chikuwoloka mtsinje, mwana ali paphewa, tinsomba tikuzungulira miyendo yake. Chinakhala zaka mazanamazana chitakwiririka ndi laimu mpaka anachitulukira pokonza khoma, ndipo ndi chimene alendo ankadzera. Munsi mwake khomalo ndi la mwala woyera wofewa ngati choko. Mvula ikagwa limachita chinyontho n'kumanunkhira dothi.

Lachisanu linali tsiku lopukuta fumbi m'mabenchi. Ntchitoyi inali ya Mayi Joyce, koma mawondo atayamba kuwavuta anaisiyira mpongozi wawo, Alinane, mkazi wa Adrian. Alinane anali namwino, mwana wa ku Mponela amene anabwera kudzaphunzira n'kupezana ndi Adrian, ndipo ulemu wakumudzi anabwera nawo wonse, osasiyako ndi pang'ono pomwe. A Greenwell sanauze a mpingo za kusinthaku, poti zinali za m'nyumba. Ankamutsegulira chitseko, iye n'kuima patali mpaka iwo atapatuka, ndiyeno iwo ankatenga tsache n'kupita kukasesa masamba kumanda mpaka atamva kukhosomola pakhonde kosonyeza kuti wamaliza. Munthu sukhala awiriwiri m'nyumba ndi mkazi wa mwana wako, ngakhale nyumbayo ikhale ya Mulungu. Adrian ankaseka kuti bambo ake atakumana ndi Alinane mumsewu sangamuzindikire, poti sanamuyang'anepo kumaso. Ankanena mwanthabwala, koma sankanama kwenikweni.

Chisanu cha chaka cha 2006 chikutha, a Greenwell anapeza kafumbi koyera pansi pa chithunzi chija. Atagwada anaona kuti mwala wofewawo wakandidwa. Anaganiza za khoswe, koma khoswe sakanda mowongoka chotero. Sabata yotsatira malowo anali atakula n'kuzama, ngati kuti wina ankapala. Anakaitana Mayi Marjorie. Mayiyo anavala magalasi, anagwada, anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti kodi ndani amalowa muno pakati pa sabata. Anafunsa mwaulemu, koma a Greenwell anamva funso lina pansi pa funsolo. Makiyi ndi atatu. Wansembe sangakande tchalitchi chake, ndipo Mayi Marjorie sangadzifunse okha. Anayankha mwamphamvu kuti palibe amene amalowa iwo osamuona, ndipo analonjeza kuti amugwira munthuyo. Ankanena zoona monga mmene ankazidziwira. Mpongozi sanabwere n'komwe m'mutu mwawo, monga mmene munthu powerenga alendo sawerengera akazi ake.

Anayamba kukayikira aliyense. Ana a sukulu amene anabwera ndi aphunzitsi awo anawatsatira kumbuyo mpaka kuchipata. Munthu wokonza limba anamuyang'ana zikhadabo. Lamlungu, m'malo moimba, ankaona amene wakhala pafupi ndi khoma la kumpoto ndiponso kumene manja ake ali. Mayi wina wachikulire amene anatsamira khomalo pomanga nsapato anadabwa kuona a Greenwell ataima pambali pake ngati wapolisi. Pamapeto pake maso awo anatera pa a Hudson.

A Hudson anali nkhalamba yachizungu, akazi awo anamwalira, ndipo Lachiwiri lililonse ankabwera ndi mpukutu wa pepala ndi phula lakuda. Pansi pa tchalitchicho pali manda, anthu amangoyenda pamwamba pake, ndipo ena ali ndi zithunzi za mkuwa za eni ake, asilikali ovala zitsulo ndi akazi awo atapinda manja. A Hudson ankayala pepala pa mkuwawo n'kumatikita ndi phula mpaka nkhope ya wakufayo ituluke, kenako n'kupinda n'kupita nayo kunyumba. Mayi Marjorie ankati ndi chizolowezi chabe cha okonda zakale, ndipo chilolezo anali nacho. A Greenwell anali atazolowera kumwa nawo tiyi wa m'fulasiki pakhonde, akukambirana za mawondo ndi za mabasi osasunga nthawi. Koma tsopano anayamba kuganiza bwino. Munthu wotenga nkhope za akufa kupita nazo kunyumba angalephere bwanji kutenga fumbi la khoma?

Tiyi uja anamusiya. Lachiwiri ankawatsegulira, n'kunamizira kuti akupita ku nsanja, n'kukwera masitepe a m'khoma aja kukakhala pa kakhomo ka m'mwamba. Anazizidwa kokwanira kumeneko. Zimene anaona zinali nkhalamba ikutikita pepala, ikulankhula yokha, ikudya buledi wake. Koma tsiku lina a Hudson asanatuluke anaima pamaso pa Khristofa, anayang'ana pokandidwapo, n'kupasisita ndi chala akupukusa mutu. Kwa a Greenwell zimenezo zinakwana. Anakauza Mayi Marjorie kuti awaona akugwira khoma, ndipo sanatchule za kupukusa mutu. Mayi Marjorie anapempha a Hudson kuti ayambe asiya kubwera mpaka nkhaniyo itadziwika. Nkhalambayo sinakangane. Inakulunga pepala lake, inayang'ana a Greenwell kamodzi, n'kutuluka. A Greenwell mtima unawaluma pang'ono, koma anadya bwino tsiku limenelo.

Kukanda sikunathe. A Hudson ali kwawo, dzenje lija linakwera m'mwamba, ndipo tsiku lina kachidutswa kanagamphuka n'kugwa ndi mchira wa kansomba kamodzi. Mayi Marjorie anakatola ndi manja awiri, nkhope itafiira. Mawu awo anasintha. Ananena za akatswiri a ku dayosisi amene adzabwera kudzaona, ananena za apolisi, ndipo anati aliyense amene analowapo m'miyezi imeneyi adzafunsidwa payekha. Anaika tsiku loti iwo, wansembe ndi a Greenwell akhale pansi. Lamlungu anthu anapereka moni monga mwa masiku onse, koma a Greenwell anamva kuti moniwo wafupika. Mwina unafupikadi, mwina ayi. Chimene ankadziwa n'chakuti akapanda kupeza munthu, kiyi achoka m'thumba mwawo, ndipo anthu azidzati tinayesa kumupatsa wakuda uja.

Lachisanu lotsatira kunagwa mvula ya mphepo, yoti ambulera sithandiza. A Greenwell anapirira pansi pa mtengo kumanda mpaka madzi analowa m'nsapato. Pakhonde sakanakhala, poti mpongozi potuluka akanagundana nawo. Choncho anazungulira ku kachitseko ka wansembe, kumbali kwa guwa, kamene anali atatsegula m'mawa kuti mulowe mpweya. Analowa mwakachetechete n'kukwera masitepe aja kuti akhale pamene sangasokoneze munthu. Tsiku limenelo sankazonda aliyense, ankangothawa mvula.

Alinane anali atamaliza mabenchi. Anaika nsalu mu ndowa, anayang'ana kuchitseko, anamvetsera, kenako anapita ku khoma la kumpoto n'kugwada. Anatulutsa kasipuni ka tiyi m'thumba la juzi. Anayamba wagunditsa mphuno pa mwalawo n'kukoka mpweya kwa kanthawi, kenako anapala pang'onopang'ono, dzanja lina atatchera munsi. Kaufa kamene kanagwera m'chikhatho ananyambita, maso atatseka. Anapalanso kena n'kukulunga m'kapepala. Atatha anapukuta pakamwa, anasesa pansi ndi dzanja, anayang'ana pamene panagamphuka mchira wa kansomba paja, ndipo anakhalabe chogwada, mapewa akugwedezeka. Ankalira.

A Greenwell thupi lonse linazizira kuposa mmene mvula inalizizitsira. Mankhwala. Mawu amenewo ndi amene anayamba kufika. Wamutuma ndani? Mwina ndi aneneri aja a ku Thamesmead, dera lina la London, amene amapempherera anthu m'mafulati n'kumawauza zokatenga. Nanga za m'kapepalazo n'za ndani? Za m'chakudya cha Adrian, kuti azingoti inde pa chilichonse? Kapena zawo iwo ndi akazi awo? Anakumbukira mbale zonse zimene mpongoziyo anawaikira patebulo atagwada. Anakhala pamenepo mpaka Alinane anakhosomola pakhonde kambirimbiri, ndiye anatsika, anatulukira ku kachitseko kaja, n'kuzungulira ndi tsache lawo lonyowa ngati kuti akuchokera kumanda.

Kunyumba anakana chakudya. Mayi Joyce anawasiya, poti ankadziwa kuti bamboyo nkhani amaitulutsa yekha ikamutentha. Anazungulira m'nyumbamo, anasuzumira pawindo, anatseka chitseko cha pabalaza ngakhale anali awiri okha.

"Amake Adrian, wokanda khoma uja ndamuona."

"Ndi ndani?"

"Ndi wathu yemwe. Wa kwa Adrian."

Mayi Joyce anazimitsa wailesi. "Mwaona ndi maso, kapena ndi zanu zija?"

"Ndi maso. Ndinali m'masitepe. Ankapala ndi sipuni."

"Ndiye fumbilo ankatani nalo?"

"Ankadya. Ankanyambita ngati shuga, n'kumalira. Ndikufuna mundiuze kuti amamutuma ndani."

Mayi Joyce anayang'ana kudenga, milomo ikuyenda, ngati akukumbukira zinazake. Anali akukumbukira tiyi amene Alinane anayamba kukana, ndi tsiku limene anathawa kukhitchini anyezi ali pamoto. Kenako anaphimba nkhope ndi manja awiri, ndipo a Greenwell sanadziwe ngati akuseka kapena akulira.

"Abambo inu, zaka zonse zija ku hospital munkangokankha ma trolley osaona kanthu? Ine ndili ndi pakati pa Adrian, ku Lusaka kuja, khoma la kitchen lija linatha ndi ndani? Inu munkati ndi chiswe."

A Greenwell anakhala pansi. Ankadziwa, ndithu ankadziwa, kuti akazi oyembekezera amadya dothi. Anakula akuona azakhali awo akubenthula la pachulu n'kumalisunga pa mfundo ya chitenje. Koma zimenezo zinali za kumudzi, za akazi a anthu ena. Kuti mpongozi wawo, namwino wa ku London, angachite zomwezo ndi khoma la zaka mazana asanu ndi limodzi, mutu wawo wokayikira zonse uja sunafikeko. Chimwemwe chinawafika mochedwa, ndipo nachonso anachikayikira. Anafunsa kuti nanga ngati si zimenezo? Mayi Joyce anangowayang'ana mpaka anasiya.

Panali chifukwa chimene Alinane ankalirira yekha m'malo mouza munthu. Banja lake ndi Adrian linali litapita padera kawiri. Ulendo wachiwiri Adrian, mwa chizungu chake, anali atayenda ndi kachithunzi ka sikani m'chikwama, kuonetsa anzake a ku ntchito ndi a ku tchalitchi komwe mimba isanaoneke n'komwe. Zitalephereka, anthu osamva ankabwerabe kudzafunsa kuti mwana abadwa liti. Mayi Joyce mpaka pano ankakhulupirira kuti pakamwa pa anthu ndi pamene panawononga. A Greenwell sankadziwa ngati amakhulupirira zimenezo, koma ankadziwa kuti nkhani ya mimba siyenda patsogolo pa mimba.

"Pakamwa panupo pakhale potseka," anatero Mayi Joyce. "Osati kwa Adrian, osati kwa a Father, osati kwa Marjorie wanuyo. Za khoma ndithana naye ine, mawa ndipita naye kwa GP, dokotala akamuone, ndi magazi amenewo achepa. Koma mwanayo asadziwe kuti mwamuona. Akadziwa kuti apongozi ake aamuna anamuona akudya tchalitchi, sadzapondanso m'nyumba muno."

Mayi Joyce anachitadi zimene ananena. Anapita kwa mpongozi wawo ngati mayi amene wangoona zizindikiro yekha, anamuuza kuti ntchito ya Lachisanu ayambe waisiya, ndipo anabwerako akuimba nyimbo ya kwaya pansipansi. Khoma linapuma. Koma tsiku la msonkhano silinasunthe, ndipo a Greenwell anatsala nalo okha.

Anayesa njira zonse m'mutu. Akanangokhala chete, kukanda n'kutha kokha. Koma a Hudson akanakhalabe ndi dzina loipa limene iwo anawapatsa, ndipo apolisi akanafunsa za Lachisanu. Mayi Joyce sanama m'nyumba ya Mulungu, akanati ine ndinasiya kale. Ndiyeno namwino wapakati akanaitanidwa kukayankha za kuwononga chinthu chakale, dzina lake n'kufika ku ntchito kwake. Akanathanso kuuza Mayi Marjorie mwachinsinsi. Mayiyo sanali woipa mtima, ndipo vuto linali lomwelo. Akanathamanga ndi maluwa kukamukumbatira Alinane, n'kumuuza kuti asadandaule, ndipo pofika Lamlungu dzina lake likanatchulidwa m'mapemphero mpingo wonse ukumva. Ndiponso ngakhale zonsezo zikanapanda kuchitika, mawuwo akanatuluka bwanji pakamwa pawo? Bambo kunena za mimba ya mkazi wa mwana wake, kwa mzungu, m'Chingerezi? Anayesa kuwanena okha m'bafa, lilime linakana.

Anakumana masana m'chipinda chovalira wansembe, pambali pa bokosi la maloko atatu lija. Wansembe anali munthu wofatsa amene ankadana ndi mikangano, ndipo anayamba ndi kunena kuti palibe amene akuimbidwa mlandu. A Greenwell sanadikire kuti amalize. Anaimirira, chipewa chili m'manja, n'kunena m'Chingerezi chawo cha uphunzitsi chija kuti apolisi asavutike, wokanda khoma ndi iwo. Anati anaona nkhungu pa mwalawo n'kuyamba kuipala ndi sipuni poganiza kuti akuyeretsa. Ataona kuti awononga anachita mantha, n'kukankhira mlandu kwa a Hudson, amene sanalakwe chilichonse. Bodzali anali atalikonza bwino, ndipo mbali ya a Hudson inali yoona, choncho inatuluka ndi manyazi enieni.

Wansembe anayang'ana pansi. Mayi Marjorie anavula magalasi n'kuwayang'anitsitsa. Anaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo bodza ankalidziwa fungo.

"Bambo Green," anatero, poti dzina la Kamtedza linawakanika kalekale, "ndinu amene munandiitana kudzaona. Munthu amene wapala yekha sachita zimenezo. Mukubisa ndani?"

"Palibe, mayi."

"Ndiuzeni ine ndekha. Sindiuza munthu."

Pamenepo a Greenwell anazindikira chinthu chimene chinawapweteka kwambiri. Mayi ameneyu sankawakayikira n'komwe. Miyezi yonse ija iwo ankamva funso pansi pa funso, pamene mayiyo ankangofunsa. Tsopano anali kuwapempha kuti amukhulupirire, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri anamva kuti akhoza kumukhulupirira munthu. Koma chinsinsicho sichinali chawo.

"Ndanena kale, mayi. Ndi ine."

Wansembe anati ngati ndi choncho nkhaniyo ithere pomwepo, apolisi asabwere, ndipo iye apita yekha kukapepesa kwa a Hudson. A Greenwell anati ayi, apita iwo. Aliyense ankadziwa chotsala, koma panalibe wofuna kuchitchula. A Greenwell sanafune kuti awapemphe. Anapisa m'thumba, anatulutsa kiyi, n'kumuika pa bokosi lija ndi manja awiri. Mayi Marjorie sanamugwire msanga. Anati tsiku limene adzafune kunena zoona, kiyiyo adzamupeza m'chikwama mwawo. A Greenwell anathokoza, akudziwa kuti tsiku limenelo silidzafika. Mwana akadzabadwa anthu adzadziwa za mimba, koma zoti mayi ake anadya khoma la tchalitchi adzafa nazo iwo.

Anatuluka kudzera pakati pa mabenchi osayang'ana ku khoma la kumpoto. Ali pakhonde akumanga jekete anamva Mayi Marjorie akukhoma chitseko kumbuyo kwawo, ndipo anamva chisoni chenicheni, chonga cha maliro. Anadutsa kumanda, anaona kuti masamba achuluka pa kanjira, n'kukumbukira kuti tsache nalonso latsala m'kati. M'basi anakhala kumbuyo kwenikweni, jekete litapepuka mbali imodzi mosazolowereka, ndipo sanayang'ane manja a munthu aliyense.

Atafika kunyumba anamva mawu awiri kukhitchini. Alinane anali atabwera kudzaona apongozi ake aakazi pochoka ku ntchito. Atamva chitseko anatuluka, akupukuta manja, n'kugwada pakhomo la pabalaza monga mwa masiku onse, nkhope atayang'ana kumbali. Sankadziwa kanthu. Kumbuyo kwake Mayi Joyce anayang'ana thumba la jekete la amuna awo, kenako nkhope yawo, ndipo anagwira pakamwa.

"Mwaswera bwanji ku church, Bambo?" anafunsa Alinane.

A Greenwell anakoleka chipewa pa msomali, maso ali ku khoma.

"Taswera bwino, amayi," anayankha. "Dzukani, pansipo pakuzizira."